Mawondo Akayamba Kulira: Mmene Mungakhalire ndi Nyamakazi ya Kutha kwa Mfundo za Mafupa

Munthu akapitirira zaka 50 n'kuyamba kumva bondo likulasa podzuka pa mphasa, kapena potsika chitunda atasenza chidebe, nthawi zambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Wina amati ndi ukalamba basi, n'kuyamba kutandala pakhonde. Wina amatuma mdzukulu ku golosale kukagula Indocid, n'kumamwa m'mawa ndi madzulo miyezi n'kumatha. Woyambayo amafooketsa mwendo, wachiwiriyo amaononga m'mimba ndi impso, ndipo onse awiri bondo lawo silichira.

Matendawa achipatala amawatchula kuti osteoarthritis. Ife timangoti nyamakazi, ngakhale kuti dzinali limakwirira matenda angapo osiyana kwambiri. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali nawo. Mwa anthu 100 aliwonse odwala, 73 anali opitirira zaka 55, ndipo 60 anali amayi. Malo amene amagwidwa kwambiri ndi bondo, kenako nyung'unyu, zala za m'manja, khosi ndi msana wa m'munsi.

Zimene zikuchitika m'kati mwa bondo

Mukamadya mwendo wa nkhuku mumaona kanthu koyera, koterera, kokuta nsonga ya fupa. Chimenecho ndi chicherewechere. M'bondo la munthu chimakhala chochindikala mamilimita 2 mpaka 4, ndipo ndicho chimachititsa kuti mafupa awiri aziterera m'malo mokhulana. Matendawa akayamba, chicherewechere chimakhakhala, chimang'ambika, kenako chimapyapyala. Fupa la pansi pake limalimba n'kumera timinga m'mphepete, kathumba kokuta mfundo nthawi zina kamatupa n'kudzaza madzi, ndipo minofu ya pantchafu imayamba kuphwa.

Pali zinthu ziwiri zokhudza chicherewechere zimene zimasintha kaganizidwe konse ka matendawa. Choyamba, chilibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachipeza m'madzi oterera a m'mfundo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka pokhapokha mfundoyo ikamapindidwa ndi kupondedwa, monga mmene siponji imayamwira madzi mukaifinya n'kuisiya. Bondo losayenda limafa ndi njala. Chachiwiri, chicherewechere chilibenso mitsempha yomvera ululu. Kuwawa kumene mukumva kukuchokera ku fupa, ku kathumba kotupa kaja, ndi ku minofu yotopa. N'chifukwa chake anthu awiri atha kukhala ndi zithunzi za X-ray zofanana, wina akulima mizere bwinobwino, wina akulephera kufika pachitsime. Bondo si tayala la njinga limene limatha mukamayendetsa kwambiri. Ndi chiwalo chamoyo chimene chimayesetsa kudzikonza, ndipo minofu ikalimba ululu umachepa ngakhale chithunzi chisasinthe.

Zoyambitsa zake ndi zaka, kunenepa, chibadwa cha kumtundu (makamaka nyamakazi ya zala), kuvulala kwakale monga kuthyoka fupa pafupi ndi mfundo kapena kubinya bondo kwambiri pampira kapena pangozi ya njinga yamoto, miyendo yamatewe, ndi ntchito za zaka zambiri zonjuta, kugwada ndi kunyamula katundu wolemera. Kuthyola zala kuti zilire sikuyambitsa matendawa.

Kudziwa kuti ndi nyamakazi imeneyi osati ina

Malangizo a chaka cha 2022 a NICE, bungwe la ku Britain lopereka malangizo a zachipatala, amati dokotala atha kuzindikira matendawa popanda kujambula ngati zinthu zitatu zilipo: munthu ali ndi zaka 45 kapena kuposerapo, ululu umabwera akamagwiritsa ntchito mfundoyo, ndipo kuuma kwa m'mawa kulibe kapena kumatha pasanakwane mphindi 30. Choncho musakhumudwe dokotala akapanda kukutumizani ku X-ray. Zina zimene mungaone ndi bondo kulira khwetekhwete popinda, kuuma mukakhala nthawi yaitali mu minibasi kapena m'tchalitchi, ndi timfundo tolimba pa zala pafupi ndi zikhadabo. Nyamakazi ya m'nyung'unyu imasocheretsa ambiri, chifukwa ululu wake umamveka m'mphechepeche, n'kutsikira kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo. Munthu amadandaula bondo pamene vuto lili pamwamba. Chizindikiro chake ndi kuvutika kuvala nsapato kapena kuwenga zikhadabo za kumapazi.

Koma pali zizindikiro zimene sizoyenera kuzikhalira pakhomo. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, inu n'kumamva thupi kutentha ndi kulephera kuponda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo: m'kati mutha kukhala mafinya, ndipo mafinya amaononga mfundo m'masiku ochepa. Zala za manja onse awiri ndi m'mikono zikamatupa n'kuuma m'mawa kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, imeneyo ikhoza kukhala rheumatoid arthritis, yomwe imafuna mankhwala ena ndipo imapundula ikachedweredwa. Chala chachikulu cha kuphazi chikatupa usiku umodzi n'kumawawa mosakhudzika, kawirikawiri mutamwa mowa kapena kudya zam'kati, ganizirani gout. Msana kapena nyung'unyu zowawa kwa miyezi pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku zitha kukhala TB ya mafupa. Ndipo munthu wa zaka za m'ma 30 amene nyung'unyu ikumuwawa, makamaka ngati ali ndi HIV, sickle cell, amamwa mowa kwambiri kapena wakhala akumwa prednisolone, ayenera kujambulidwa, chifukwa mutu wa fupa la ntchafu utha kufa chifukwa chosowa magazi.

Mafizo: apa ndi pamene pagona mankhwala

Palibe piritsi limene limameretsanso chicherewechere. Chimene chatsimikizika kuti chimachepetsa ululu ndi kubwezeretsa mayendedwe ndi kulimbitsa minofu, makamaka ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya m'matako. Minofu imeneyi ndi imene imalandira kulemera kwa thupi kusanafike ku bondo. Simufunika chipangizo chilichonse kupatula mphasa, mpando ndi chitenje.

Yambani ndi zogona. Khalani pa mphasa mutatambasula miyendo, ikani chitenje chopindapinda pansi pa bondo lodwalalo, ndipo kanikizani bondo pachitenjepo mpaka mumve ntchafu ikulimba gwa. Gwirani masekondi 5 mpaka 10, masulani, bwerezani ka 10. Kenako gonani chagada, pindani mwendo wabwino phazi lili pansi, wodwalawo muuwongole, zala zitaloza kumwamba, n'kuukweza masentimita pafupifupi 30. Gwirani masekondi 5, tsitsani pang'onopang'ono. Cholakwika chofala apa n'kulola bondo kupindika pokweza, kapena kuuponya mwendo pansi. Kutsitsa mwapang'onopang'onoko ndiye theka la ntchito yonse. Mukadali chagada, pindani mawondo onse awiri, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo, gwirani masekondi 5, ka 10. Pomaliza gonani chammbali, mwendo wodwala uli pamwamba, n'kuukweza chammbali utawongoka. Chiuno chisagubudukire kumbuyo, apo ayi ntchito igwiridwa ndi minofu yolakwika.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri onjezani zoimirira. Pezani mpando wolimba wotalika masentimita pafupifupi 45, uyedzamire khoma kuti usatsetsereke. Khalani chakutsogolo kwake, mapazi abwerere pang'ono kumbuyo kwa mawondo, weramirani kutsogolo, imirirani, kenako khalaninso pang'onopang'ono osadziponya. Poyamba gwirani m'mawondo kapena m'mbali mwa mpando. Cholinga n'kufika poimirira ka 10 manja ali pachifuwa, n'kupuma mphindi imodzi, n'kubwereza kawiri kapena katatu. Ngati mpando ukukanika, ikanipo pilo kuti utalike. Yang'anani mawondo anu poimirira: asagwere m'kati ngati akufuna kugundana, aloze kumene zala za kumapazi zaloza. Zimenezi zikaphweka, kwerani ndi kutsika pa sitepe ya khonde yotalika masentimita 10 mpaka 15 mutagwira mzati.

Zolimbitsa minofuzi chitani masiku atatu pa sabata, kudumphitsa tsiku pakati. Kuyenda ndiye kwa tsiku lililonse. Yambani ndi mphindi 10 pamalo athyathyathya, muzionjeza mphindi ziwiri kapena zitatu sabata iliyonse, mpaka mufike mphindi 30 masiku asanu pa sabata, zomwe ndi mphindi 150 zimene akatswiri a zaumoyo amalimbikitsa. Njinga yakapalasa ndi yabwino kwambiri kwa bondo chifukwa limapindika popanda kusenza thupi lonse, bola chishalo chikwezedwe kuti phazi likafika pansi pa pedulo bondo likhale litatsala pang'ono kuwongoka. Chishalo chotsika chimapanikiza kafupa ka pamwamba pa bondo. Amene ali kufupi ndi nyanja, kuyenda m'madzi ofika m'chiuno kumapeputsa thupi, koma pewani malo a bango ndi madzi odikha chifukwa cha likodzo ndi ng'ona.

Funso la aliyense ndi lakuti: nanga zikamawawa? Yerekezerani ululu pa sikelo ya 0 mpaka 10. Ululu wofika 4 kapena 5 pochita mafizo ndi wovomerezeka, malinga ubwerere mwakale pofika tsiku lotsatira. Ukapitirira maola 24, kapena bondo likatupa, mwachita zambiri. Musasiye, ingochepetsani ndi theka n'kuyambanso kukwera pang'onopang'ono. Ambiri amagwa ulesi pa sabata yachiwiri chifukwa ululu umayamba waonjezekera kaye. Phindu limaoneka pakati pa masabata 6 ndi 12, ndipo mukasiya limathanso m'miyezi yochepa.

Wina anena kuti, "Ine ndimalima tsiku lililonse, mafizo ena a chiyaninso?" Kulima kumatopetsa thupi, koma kumagwiritsa ntchito msana wowerama ndi mawondo opindika pamalo amodzi kwa maola. Sikulimbitsa ntchafu mofanana ndi kuimirira pampando kuja. Mlimi nayenso akufunika mphindi zake 15.

Sikelo

Poyenda, bondo limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo potsika masitepe kapena chitunda zimaposa pamenepo. Kafukufuku wa ku America wa 2005 anapeza kuti kilogalamu imodzi imene munthu wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pabondo pa phazi lililonse limene waponda. Kuti mudziwe ngati nkhaniyi ikukukhudzani, gawani makilogalamu anu ndi msinkhu wanu m'mamita, n'kugawanso kachiwiri ndi msinkhu womwewo. Mayi wa makilogalamu 80, wamtali mamita 1.60, apeza 31. Kupitirira 25 ndi kulemera mopyola muyezo, kupitirira 30 ndi kunenepa kwambiri. Kutaya gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwanu kumathandiza, koma gawo limodzi mwa magawo 10 kumathandiza kwambiri. Kwa mayi uja ndi makilogalamu 8, ndipo pa theka la kilogalamu pa sabata ndi ntchito ya miyezi inayi.

Kwathu kunenepa ena amakuona ngati chizindikiro cha mtendere pabanja, ndipo munthu akayamba kuonda anthu amayamba manong'onong'o. Auzeni achibale chifukwa chake musanayambe. Pa mbale, chepetsani mtanda umodzi wa nsima n'kudzaza malowo ndi masamba, nkhwani, bonongwe, chisoso kapena therere, pamodzi ndi nyemba, usipa kapena mazira. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Botolo la chakumwa chozizira la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Onjezanipo masupuni atatu a mu tiyi wa m'mawa, mandasi awiri ndi chipisi cha pachiwaya masana, muona kumene makilogalamu akuchokera. Koma agogo amene ndi oonda kale asachepetse chakudya. Iwo akufunika nyemba, nsomba ndi mtedza kuti minofu ikule.

Kukonza pakhomo ndi kumunda

Kunjuta mpaka pansi ndiko kumapanikiza bondo kuposa china chilichonse, ndipo moyo wathu wambiri uli pansi: chimbudzi chokumba, mafuwa, mbaula, beseni lochapira, mphasa. Pachimbudzi mangani kampando ka njerwa kapena ka matabwa kotalika masentimita 45 mpaka 50, kokhala ndi bowo ndi chivundikiro, ndipo zikani mtengo wolimba pambali wogwira podzuka. Mbaula ikwezeni pa njerwa, muziphika mutakhala pampando osati pa kachitsa. Chapirani pa tebulo kapena pa chiunjiko cha njerwa chofika m'chiuno. Kumaliro ndi kumisonkhano ya kwa amfumu nyamulani kampando kanu, palibe mwano pamenepo.

Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Maulendo awiri a malita 10 ndi abwino kuposa umodzi, ndipo wilibala kapena njinga ndi zabwino koposa. Kumunda ikani mpini wautali pa khasu, gwirani ntchito mphindi 20 kapena 30 n'kuwongoka kuyendayenda pang'ono, ndipo ntchito yolemera monga kukonza mizere ndi kubandira muigawe masiku angapo. Chimene chimagwetsa ambiri ndi tsiku limene bondo lili bwino: amafuna kumaliza munda wonse, kenako n'kugona masiku atatu.

Ndodo imathandiza ngati mwaigwira bwino, ndipo ambiri amaigwira mbali yolakwika. Igwireni ndi dzanja la mbali yabwino. Bondo lakumanja likamawawa, ndodo ikhale kumanzere, ndipo iziyendera limodzi ndi mwendo wodwalawo. Kutalika kwake: imirirani mutavala nsapato, manja ali lende, chogwirira chifike pamkono pamene mumavala wotchi. Kunsi kwake ikani labala kuti isaterereke pa simenti. Pokwera masitepe tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani ndodo ndi mwendo wodwala. Nsapato zikhale zafulati, zochindikala kunsi ndi zogwira chidendene. Mapatapata ndi nsapato za gogoda zisiyeni.

M'miyezi ya June ndi July ambiri amamva mfundo zikuuma. Nsalu yoviika m'madzi ofunda, yofinya, ikani pabondo mphindi 15 mpaka 20 musanayambe mafizo. Bondo likatupa mutagwira ntchito, ikanipo chozizira chokulunga m'nsalu mphindi 10 mpaka 15. Odwala shuga ayese kaye kutentha ndi dzanja, chifukwa khungu la kumiyendo litha kupsa iwo osamva.

Mankhwala, ndi mmene amapwetekera

Pa bondo ndi zala yambani ndi opaka, monga diclofenac gel, katatu kapena kanayi patsiku pakhungu lopanda bala. Olowa m'magazi amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi akumwa. Panado amathandiza pang'ono chabe pa matendawa. Ngati mukumwa, wamkulu asapitirire mapiritsi awiri a 500 mg pa nthawi imodzi, kanayi patsiku, ndipo wochepera makilogalamu 50, wodwala chiwindi kapena womwa mowa kwambiri amwe ochepera apo. Samalani ndi mankhwala a chimfine, ambiri amakhala kale ndi paracetamol, yemwe ndi Panado yemweyo.

Brufen, diclofenac ndi Indocid ndi a banja limodzi. Amagwira ntchito kuposa Panado, koma ndi amene amagoneka anthu m'chipatala. Amatha kuboola zilonda m'mimba, kukweza BP, kuononga impso ndi kuonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Musaphatikize awiri a banja limeneli: mphamvu sionjezekera, koma ngozi ndiyo imaonjezekera. Ibuprofen (Brufen uja) ogula nokha asapitirire 400 mg katatu patsiku, mutadya, kwa masiku ochepa pamene ululu wakula. Amene akufunika kumwa nthawi yaitali aonane ndi dokotala, yemwe amaonjezera mankhwala oteteza m'mimba monga omeprazole. Musamwe popanda uphungu wa achipatala ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena mtima, BP, mphumu, ngati muli oyembekezera kapena mwapitirira zaka 65. Amene mukumwa mankhwala a BP a enalapril pamodzi ndi HCT, kapena ma ARV okhala ndi tenofovir monga TLD, muuzeni dokotala, chifukwa impso zimakhala zikupanikizidwa mbali ziwiri. Chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, kutupa mapazi kapena kuchepa kwa mkodzo ndi zizindikiro zoti musiye pompo n'kupita kuchipatala.

Prednisolone ndi dexamethasone akumwa, mankhwala a gulu la steroid amene ena amagulitsa pamsika ngati mankhwala a nyamakazi, amachotsadi ululu masiku oyamba. Pakapita miyezi amatupitsa nkhope, amakweza shuga, amafewetsa mafupa, ndipo atha kupha mutu wa fupa la ntchafu. Ngati mwamwa kwa masabata angapo musasiye mwadzidzidzi, achipatala akuchepetsereni pang'onopang'ono. Jakisoni wa steroid wobaya m'kati mwa mfundo ndi nkhani ina: amathandiza kwa masabata 2 mpaka 10, ndipo ntchito yake ndi kukupatsani mpata woyamba mafizo. Abayidwe ndi wodziwa, pamalo aukhondo, osati pafupipafupi. Glucosamine, mankhwala odula olonjeza kumeretsa chicherewechere, malangizo a NICE aja amati asaperekedwe chifukwa palibe umboni wokwanira. Ndalama imeneyo ndi bwino mugulire nsapato. Kutema mphini pabondo nako kumatsegulira njira tizilombo, kuphatikizapo kafumbata, pafupi ndi mfundo imene ili kale pamavuto.

Opaleshoni

Nthawi yoganizira opaleshoni imafika pamene mwachita mafizo mokhulupirika kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, mwayesa kuchepetsa thupi, mwagwiritsa ntchito ndodo ndi mankhwala, koma ululu ukukudzutsani usiku ndipo simungathe kudzisamalira. Madokotala amachotsa nsonga zoonongeka za mafupa n'kuikapo zachitsulo ndi pulasitiki yolimba. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anasonyeza kuti mwa mawondo oikirira 100, pafupifupi 82 amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25, ndipo pa nyung'unyu ndi pafupifupi 58. Opaleshoni yongotsuka m'bondo ndi kakamera siithandiza pa nyamakazi imeneyi.

Ku Malawi yambirani pachipatala cha boma lanu, kumene kuli ma orthopaedic clinical officer, amene maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 1985 ndipo ndi amene amasamalira odwala mafupa ambiri. Iwo ndi amene angakutumizeni kwa madokotala akuluakulu a mafupa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chili pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Pemphaninso kuonana ndi a mafizo kuti akuoneni mmene mukuchitira ndi kukukonzani pamene mukulakwitsa. Popita tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a pagolosale ndi azitsamba omwe, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Ngati mwaikidwa pamndandanda wa opaleshoni, pitirizani mafizo podikira tsiku lanu, sungani shuga ndi BP pamlingo, siyani fodya, ndipo chiritsani mano obooka ndi zilonda za pakhungu, chifukwa tizilombo tochokera m'malo amenewa titha kukafika pa chitsulo chatsopanocho.